Galimoto Yakale ndi Chikalata cha Fitinesi: Kabuku ka Mabanja a ku Katete, Sinda ndi Vubwi

Mawu Oyamba

Kabuku kano talembera inu amene, Mulungu atadalitsa dzinja lanu, mwagulitsa chimanga, nshawa, soya, mpendadzuwa kapena thonje, ndipo mwayamba kulingalira za kugula galimoto. Talemberanso inu aphunzitsi, anamwino ndi amalonda amene muli nayo kale pakhomo, pamodzi ndi inu makolo amene mwana wanu wa ku Lusaka kapena ku Migodi wakutumizirani mawu akuti wapeza kagalimoto kokongola, kothamanga, kotsika mtengo, ndiponso ka mapepala onse. Kukhala ndi galimoto si tchimo, ndipo palibe wakukana kuti chinthu chimenechi chapulumutsa amayi apakati ndi ana odwala mwa kuwafikitsa msanga ku chipatala cha St Francis ku Katete kapena ku Nyanje. Koma galimoto yomweyo, ikagulidwa mwaphuma ndi kusungidwa mosasamala, itha kudya nkhokwe yonse ya banja, ngakhale kutenga moyo wa munthu wosalakwa.

Chimene tifuna kuti chikhazikike m'mitima mwanu ndi ichi: chikalata cha fitinesi chichitira umboni tsiku limodzi lokha, tsiku limene galimoto inayezedwa, ndipo sichilonjeza kanthu za mawa, chifukwa chake mwini galimoto ndi banja lake ayenera kukhala oyeza ake masiku onse otsala a chaka.

1. Kumene Galimoto Zimenezi Zichokera

Galimoto zing'onozing'ono zambiri zimene tiziona pa msewu waukulu wa Great East, kuchokera ku Sinda kudzera pa Katete kunka ku Chipata, sizinafike m'dziko muno zili zatsopano, koma zinayamba zatumikira eni ake ena kutsidya la nyanja, makamaka ku Japan, zisanakwezedwe m'zombo ndi kutsitsidwa pa madoko onga la Dar es Salaam, kumene ziyambira ulendo wa pamtunda wodzalowera pa Nakonde. Ku Japan lamulo lifuna kuti galimoto yatsopano ya banja iyezedwe itatha zaka 3, ndipo pambuyo pake zaka 2 zilizonse. Ndipo popeza kuyezako pamodzi ndi misonkho yake kulemera m'thumba, anthu ambiri kumeneko asankha kugulitsa galimoto isanakalambe kwenikweni. Ku Britain, kumene galimoto zina zichokeranso, kuyeza kotchedwa MOT kunayamba m'chaka cha 1960, ndipo masiku ano galimoto ikakwanitsa zaka 3 iyezedwa chaka ndi chaka.

Pakati pa galimoto zimenezi pali tina timene anyamata atikonda koposa, tigalimoto ta liwiro, tachifupi msinkhu, topangidwira kusangalatsa woyendetsa. Kotchuka pa dziko lonse ndiko ka Mazda MX-5, kamene ku Japan akatcha Roadster, ka mipando iwiri ndi denga lansalu lopindika, kamene kanayamba kugulitsidwa m'chaka cha 1989, ndipo pofika 2016 anali atapanga miliyoni imodzi. Palinso Toyota MR2, imene injini yake ikhala kumbuyo kwa woyendetsa, ndi Toyota Altezza, yopangidwa kuyambira 1998 kufikira 2005, imene ngakhale ili ndi zitseko zinayi, mtima wake ndi wa liwiro, ndipo inatchuka kwambiri pakati pa achinyamata a m'Zambia muno. Tsono taonani, Altezza yotsiriza kutuluka m'fakitale yapitirira kale zaka 20, ndipo ngakhale anaimanga bwino chotani, mphira wake wauma, nthambo zake zamagetsi zakalamba, ndipo zitsulo zake zakhuthana kwa nthawi yaitali.

Boma la Zambia, kudzera m'bungwe la Zambia Compulsory Standards Agency, lifuna kuti galimoto zogwiritsidwa kale ntchito ziyezedwe zisanatumizidwe kuno. Ndipo zikafika, bungwe la Zambia Revenue Authority lilandira msonkho wake, pamene bungwe la Road Transport and Safety Agency, lodziwika ndi dzina lakuti RTSA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la pamsewu la m'chaka cha 2002, ndilo lilembetsa galimoto, kuiyeza ndi kupereka chikalata cha fitinesi. Galimoto ya banja iyezedwa chaka ndi chaka, koma zonyamula anthu olipira ziyezedwa kawirikawiri koposa pamenepo, pakuti zisenza miyoyo yambiri.

2. Chimene Woyeza Aona, ndi Chimene Saona

Woyeza galimoto, pogwira ntchito yake, afunsa funso limodzi: kodi galimoto iyi, monga ilili lero, ingayende pa msewu popanda kuika pachiswe okweramo ndi oyenda pansi? Chifukwa chake ayang'ana mabuleki ngati agwira bwino ndi mofanana, chiwongolero ngati sichisewera, matayala ngati sanathe, nyali zonse ndi maindiketa ngati ziyaka, hutala ngati ilira, galasi la kutsogolo ngati silinang'ambike motchinga maso, mawaipa ngati apukuta, malamba a m'mipando ngati amanga, ndi nambala ya chesisi ngati igwirizana ndi yolembedwa m'buku la galimoto, lija anthu alitcha waiti buku. Zonsezi nzofunika ndithu, ndipo munthu wanzeru sanyoza ntchito imeneyi.

Koma woyeza samasula injini kuti aone za m'kati mwake. Sadziwa kuti oyilo anasinthidwa liti, kapena kuti injiniyo inawirapo pa chitunda mwezi watha. Sangakuuzeni ngati giyabokosi idzatha chaka, kapena ngati lamba wa m'kati mwa injini, amene amakaniko amutcha taiming'i beluti, watsala pang'ono kuduka. Kotero galimoto itha kupambana fitinesi m'mawa, niima pa Chimtende kapena pa njira ya ku Chanida madzulo a tsiku lomwelo, popanda woyezayo kulakwa kalikonse. Ndiponso galimoto ya injini yolimba, yokhoza kutumikira zaka zina zambiri, itha kulephera fitinesi chifukwa cha babu limodzi lakufa ndi waipa yong'ambika. Kuyenera kuyenda pa msewu ndi nkhani imodzi, kudalirika ndi nkhani ina, ndipo wogula asasokoneze ziwirizi.

Zotsatira za kuyeza zithandiza kwambiri munthu akaziwerenga zonse pamodzi, chaka ndi chaka, osati chikalata chatsopano chokha. Ngati galimoto inachokera ku Britain, mbiri ya kuyezedwa kwake ipezeka pa intaneti munthu akalemba nambala yake yakale, ndipo pamenepo paoneka makilomita kapena mamailosi amene inali itayenda pa kuyeza kulikonse, zifukwa zimene inalepherera, ndi machenjezo a woyeza. Ndipo mukaona chenjezo la dzimbiri likubwerezedwa zaka zotsatana, dziwani kuti mwini wake ankangoipititsa pa mayeso osachiza nthendayo. Ngati inachokera ku Japan, funsani chikalata chotulutsira galimoto m'dzikomo, pakuti chilemba makilomita amene anawerengedwa pa kuyeza kwake komaliza. Mukapeza kuti nambala ya pa wotchi ya m'galimoto ndi yochepa kuposa ya pa chikalatacho, ndiye kuti wina anabweza wotchiyo m'mbuyo, ndipo wonama pa chimodzi sadzalephera kunama pa zina.

3. Kagalimoto ka Liwiro pa Misewu Yathu

Chilungamo chifuna kuti tinene poyera kuti tigalimoto timeneti si toipa mwa tokha. Injini ya MX-5 idziwika m'maiko ambiri kuti ndi yosavuta ndi yokhalitsa ikamalandira oyilo wabwino pa nthawi yake. Koma mdani wake wamkulu ndi dzimbiri, limene lidya zitsulo za m'munsi mwa zitseko ndi pamwamba pa matayala a kumbuyo, makamaka ngati kanakhala ku maiko a chipale, kumene athira mchere m'misewu nyengo yozizira. Denga lake lansalu lili ndi timabowo totayira madzi a mvula, ndipo timabowoto tikatsekeka ndi fumbi ndi masamba, madzi adikha m'kati mwa zitsulo, naziwoletsa mwakachetechete, utoto wa kunja uli chinyezimire. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Koposa zonse, lingalirani za njira imene kagalimotoko kadzayendamo. Amene akhala pa Katete Stores kapena pa Sinda, m'mphepete mwa phula, ali ndi mwayi wina. Koma ambiri a ife tikhala kumidzi, kwa Kawaza, kwa Mbang'ombe, kwa Kathumba, kwa Nyanje, kwa Pembamoyo, kumene njira ndi zadothi, zokumbika ndi ngolo ndi madzi, zodutsa m'madambo ndi m'timitsinje. Maboma a Sinda ndi Vubwi anangokhazikitsidwa m'chaka cha 2012, ndipo ngakhale chitukuko chikufika, njira zambiri za kumidzi zikhala zovuta kuyambira Novembala kufikira Epulo. Kagalimoto ka liwiro anakamanga kofupikira pansi kuti kagwire msewu pokhota, ndipo chifukwa chomwecho mimba yake ikhudza mtumbira wa pakati pa njira. Mwala umodzi ukaboola sampu, ndiko kuti mphika wa oyilo wa pansi pa injini, oyilo yense atayika m'mphindi zochepa, ndipo woyendetsa akapanda kuzimitsa msanga, injini igwira, osadzukanso popanda ndalama zambiri. Matayala ake, okhala ndi mphira wochepa m'mbali, aphulika kapena kupinditsa limu akagwa m'dzenje. Ndipo popeza tigalimoto tambiri totere tikankhidwa ndi matayala a kumbuyo, m'matope mchira wake uterereka mosavuta m'manja mwa wosazolowera.

Palinso nkhani ya zipangizo. Chitsulo cha Corolla kapena Vitz chikathyoka, kawirikawiri china chipezeka ku Chipata, mwinanso pa Katete pomwe, ndipo makaniko aliyense adziwa kuchimanga. Koma chipangizo cha galimoto yosowa chiyenera kuitanitsidwa ku Lusaka, mtunda wa makilomita pafupifupi 500, kapena kunja kwa dziko, galimoto ili chikhalire pa miyala masabata ambiri. Ndipo banja lidzifunse moona mtima: mipando iwiri idzanyamula yani, pamene pakhomo pali mayi, ana, agogo, ndi matumba a feteleza oyenera kufika kumunda? Inu atsibweni ndi inu ankhoswe, mnyamata akadza kwa inu ndi maganizo otere, musamunyoze kapena kumuseka, koma khalani naye pansi, muwerenge naye zinthu zimenezi chimodzichimodzi, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi.

4. Kuyeza kwa Banja Musanapereke Ndalama

Palibe mlimi wa kuno amene agula ng'ombe yolimira usiku, kapena pongomva mawu a mwini wake. Ayamba waiyang'ana mano, naona ziboda, naiyendetsa, naimanga m'goli kuti aone mphamvu zake, ndipo atenga mnzake wodziwa ng'ombe kuti akhale mboni. Chitani chomwecho ndi galimoto. Pitani masana, galimoto ili youma, pamodzi ndi makaniko wosankha inu, osati wosankhidwa ndi wogulitsa, ndipo pemphani kuti asailize inu musanafike, pakuti injini yozizira ndiyo iulula matenda ake. Tsatani izi mwa dongosolo:

Choyamba, mapepala. Werengani nambala ya chesisi ndi ya injini pa galimoto penipeni, muzilinganize ndi za m'waiti buku, chilembo ndi chilembo. Onani ngati dzina la m'bukumo ndi la munthu amene akugulitsayo, pomuyerekeza ndi chitupa chake. Popeza tikhala pafupi ndi malire a Malawi ndi Mozambique, chenjerani ndi galimoto yotsika mtengo modabwitsa imene ilibe umboni wa msonkho, pakuti tsiku lina idzalandidwa, ndalama zanu n'kupita pachabe. Ndipo mukakayika, pitani nayo kupolisi akatsimikize kuti si yakuba.

Chachiwiri, thupi. Gwadani pansi ndi tochi, muyang'ane m'munsi mwa zitseko, m'mphepete mwa matayala ndi pansi pa buti mutachotsa kapeti. Pamene utoto watukumuka, kanikizani ndi sikuludiraiva, ndipo chitsulo chikafumbutuka, dziwani kuti dzimbiri lalowa m'mafupa. Yendetsani maginito ang'ono pa zitseko ndi m'mbali. Pamene maginito akana kugwira pa thupi lachitsulo, kawirikawiri pali phala lomata lobisa bala la ngozi. Gwirani kapeti wa pansi pa mipando. Akakhala wachinyezi kapena wonunkha nkhungu, denga kapena mphira wa m'zitseko udontha.

Chachitatu, injini. Tsegulani chitsekerero cha oyilo, muyang'ane kunsi kwake; mukaona phala loyererako lochuluka, mwina madzi asakanikirana ndi oyilo chifukwa gasiketi ya mutu wa injini yapsa. Potembenuza kiyi, injini isanalire, nyali zochenjeza za patsogolo pa woyendetsa ziyake zonse, ndipo injini ikalira zizime. Nyali imene siyaka konse mwina inachotsedwa dala kuti ibise vuto. Imani kumbuyo muone utsi: wobiriwira monga thambo utanthauza kuti injini ikudya oyilo, wakuda utanthauza kuti ikumwa mafuta mopitirira, ndipo woyera wosaleka injini itatentha utanthauza kuti madzi akulowa kumene sayenera.

Chachinayi, miyendo. Kanikizani ngodya iliyonse ya galimoto ndi mphamvu, nimuileke. Ikapitiriza kudumphadumpha, mashoko atha. Ikwezeni pa jeke, mugwire tayala pamwamba ndi pansi, muligwedeze. Likamagogoda, mabering'i kapena mfundo za miyendo zadyeka. Pondani buleki ndi mphamvu, muigwire chomwecho theka la mphindi. Ikamamira pang'onopang'ono, mafuta a mabuleki akuthawira penapake, ndipo galimoto yotere isayende kufikira itakonzedwa.

Chachisanu, ulendo. Iyendetseni pa phula ndi pa fumbi pomwe, kwa nthawi yokwanira kuti injini itenthe bwino, wailesi ili yozima kuti makutu amve. Kwerani nayo chitunda, muone ngati muvi wa kutentha ukhala pakati, ngati magiya alowa mosakukuta, ndi ngati galimoto siikokera mbali imodzi poponda buleki. Wogulitsa akakana chimodzi cha izi, kapena akakufulumizani ndi mawu akuti pali wina akubwera ndi ndalama madzulo, tsazikani mwaulemu, mubwerere kwanu. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo galimoto zogulitsa sizidzatha m'dziko.

Mukagula, lemberanani kalata ya malonda pamaso pa mboni, ndipo musazengereze kusintha dzina la mwini ku RTSA, kuti mawa pasadzabuke mlandu pakati pa inu ndi abale a wogulitsa.

5. Kukonzekera Tsiku la Fitinesi

Popeza kuchokera ku Katete kupita ku Chipata kokayezetsa galimoto ndi makilomita oposa 80, ndipo a ku Sinda ndi a ku Vubwi nawonso ayenda mtunda wodya mafuta, n'chinthu chomvetsa chisoni kubwezedwa chifukwa cha kanthu kakang'ono kamene mukadakonza pakhomo. Yambani mwafunsa ku ofesi ya RTSA za tsiku, malo, mtengo ndi mapepala ofunika, pakuti zinthu zimenezi zisintha, ndipo safunsa anadya phula. Sabata imodzi tsikulo lisanafike, madzulo kukayamba mdima, imikani mwana wamkulu kutsogolo ndi kumbuyo kwa galimoto, injini ili yozima ndi handibuleki yokoka, kuti akuuzeni ngati nyali zazikulu, za mabuleki, za maindiketa ndi za pa nambala ziyaka zonse. Onani mawaipa, hutala, magalasi oonera kumbuyo ndi malamba. Konzani tayala lapadera lokhala ndi mpweya, jeke, sipanala ya mawilo, zikwangwani ziwiri za makona atatu zochenjezera pa msewu, ndi chozimira moto. Ndipo tengani waiti buku, chitupa chanu ndi umboni wa inshuwalansi, pakuti lamulo silola galimoto kuyenda popanda inshuwalansi yoteteza anthu ena amene ingawapweteke.

Pano tiyenera kunena mawu olimba, ndipo tiwanena ndi chikondi. Alipo ena amene abwereka matayala abwino kwa mnzawo tsiku la fitinesi, nawabweza madzulo, n'kuvekanso galimoto matayala ake osalala. Aliponso ena amene amvera anthu oyendayenda olonjeza kubweretsa chikalata galimoto isanaonedwe n'komwe. Wochita zimenezi ayesa kuti wapusitsa boma, koma indetu wadzipusitsa yekha, pakuti pa tsiku la mvula, mwana wa sukulu akadzadumpha msewu mwadzidzidzi, chidzaimitsa galimoto si pepala lomatidwa pa galasi, koma mphira wa tayala ndi mphamvu ya buleki. Galimoto yanu ikalephera, musakwiye ndi woyeza. Landirani mndandanda wa zolakwikazo monga uphungu, mukonze, nimubwerere.

6. Kusamala kwa Masiku Onse

Chikalata chikapezeka, ntchito ya banja ndiye yayamba. Sabata iliyonse, m'mawa injini isanalire, galimoto itaima pamalo osatsetsereka, solani kandodo ka oyilo, mukapukute, mukabwezere, nimukasolenso, muone ngati oyilo ali pakati pa zizindikiro ziwiri. Onani madzi a m'redieta, mafuta a mabuleki ndi mpweya wa m'matayala. Ndipo yang'anani pansi pamene galimoto inagona, pakuti dontho la lero ndilo chenjezo la kuwonongeka kwa mawa. M'redieta thirani madzi osakaniza ndi mankhwala ake oletsa dzimbiri, osati madzi a pachitsime okha, amene asiya miyala m'timipaipi. Ndipo musatsegule redieta injini ili yotentha, chifukwa madzi owira atumphuka ndi kutentha nkhope ndi manja.

Fumbi la m'chilimwe, kuyambira nyengo ya Kulamba ku Mkaika m'mwezi wa Ogasiti kufikira kutentha kwa Okutobala, ndilo mdani wa injini; chifukwa chake sefa ya mpweya iyang'anidwe kawirikawiri, ndipo oyilo pamodzi ndi sefa yake asinthidwe msanga, monga pa makilomita 5,000 aliwonse kwa galimoto yakale yoyenda m'fumbi. Mafuta a mabuleki amwa chinyezi cha mumpweya pang'onopang'ono, nafooka, kotero ayenera kusinthidwa zaka 2 zilizonse. Ngati injini yanu ili ya lamba wa m'kati uja, ndipo palibe umboni wa tsiku limene anasinthidwa, musintheni mutangogula, pakuti m'injini zina lambayo akaduka awononga ndi mavavu omwe. Gulani petulo pa malo odalirika. Wa m'zigubu za m'mbali mwa njira nthawi zina akhala ndi madzi kapena zinyalala zimene zipha pampu.

Za matayala dziwani zinthu ziwiri. M'kati mwa mizere ya tayala muli timapiri ting'onoting'ono ta mphira, totalika mamilimita 1.6, mphira wa pamwamba ukatha kufikira kulingana ndi timapirito, tayalalo latha ntchito. Ndiponso m'mbali mwa tayala muli manambala anayi onena za kubadwa kwake: awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka, kotero kuti 2318 itanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2018. Tayala lokalamba, ngakhale mizere yake ioneke yakuya, liuma ndi kung'aluka m'mbali, ndipo pa phula lotentha litha kuphulika. Kumbukirani zimenezi pogula matayala ogwiritsidwa kale ntchito.

Mvula ikatha, tsukani matope a kunsi kwa galimoto, chifukwa asunga chinyezi pa chitsulo; imikani galimoto pamthunzi kapena m'kachisakasa, kutali ndi nkhokwe, popeza makoswe akonda kumanga zisa m'injini ndi kudya nthambo. Munthu asalowe pansi pa galimoto yoimikidwa pa jeke yokha, koma aichirikize ndi zitsa zolimba. Ana asasewere m'galimoto yotsekedwa padzuwa. Ndipo mukamva fungo la utsi m'kati poyenda, tsegulani mawindo ndi kukonzetsa paipi ya utsi msanga, pakuti mpweya wake ugonetsa munthu ndi kumupha. Sungani kabuku kakang'ono m'galimoto, mulembemo tsiku, makilomita ndi ntchito iliyonse imene yachitika. Kabuku kameneko kadzanena zoona za galimoto yanu koposa chikalata chilichonse, ndipo kadzakweza mtengo wake pa tsiku logulitsa.

7. Kuwerenga Mtengo, ndi Kuwerenga Miyoyo

Walira mvula walira matope. Mtengo wogulira ndiwo khomo chabe. Pambuyo pake padza msonkho wa pamsewu, inshuwalansi, fitinesi, mafuta, oyilo, matayala, batire, malipiro a pa zipata za msewu, ndi zowonongeka zosayembekezeka, zimene pa galimoto yakale sizilephera kudza. Chifukwa chake bambo ndi mayi akhale pansi pamodzi, alembe ndalama zonsezi za chaka chathunthu, aziike pambali pa ndalama za sukulu, za mbewu ndi feteleza, ndi za matenda. Ndipo ngati galimoto ifuna kuti mugulitse ng'ombe zolimira kapena chimanga cha chakudya, nthawi yake sinakwane. Musathere ndalama zonse pogula, koma siyani gawo lokonzera zimene zidzaoneka m'miyezi yoyamba. Ndipo si manyazi kusankha galimoto yooneka wamba, yokwera msinkhu, ya zipangizo zopezeka pafupi, kapena kudikira dzinja lina.

Kagalimoto ka liwiro kali ndi yesero lake, pakuti kaitana phazi kuti liponde. Bungwe la World Health Organization linanena m'chaka cha 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni afa pa misewu ya dziko lapansi chaka chilichonse, ndipo oposa theka la iwo ndi oyenda pansi, okwera njinga ndi okwera njinga zamoto, ndiwo anthu amene adzaza msewu wathu tsiku la msika. Galimoto yothamanga makilomita 100 pa ola iyenda mamita pafupifupi 28 pa sekondi imodzi, woyendetsa asanasunthe n'komwe phazi lake. Ndipo liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira mabuleki atagwira uwirikiza kanayi. Pa msewu umene muyenda ngolo zopanda nyali, mbuzi, njinga zosenza makala ndi ana ochokera kusukulu, kuthamanga si kufika. Mangani lamba, inu ndi onse okwera. Womwa mowa asagwire chiwongolero. Ndipo kiyi asaperekedwe kwa mwana wopanda laisensi, ngakhale ulendo ukhale wa kuchigayo.

8. Pangano la Pakhomo

Tikupemphani kuti kabuku kano musakawerenge nokha, koma mukawerenge pamodzi ndi a m'banja mwanu, m'kalabu ya alimi, m'gulu losungitsa ndalama, kapena pa bwalo la amfumu, ndipo mukatero mugwirizane pa zinthu izi: ndani pakhomo adzayang'ana oyilo, madzi ndi matayala sabata iliyonse, ndalama zingati zidzapatulidwa mwezi ndi mwezi zokonzera galimoto, ndipo adzasunga ndani, makaniko wanu wokhulupirika ndi uti, ndi zolakwika ziti zimene zikaoneka, galimoto siituluka pakhomo ngakhale ulendo ukhale wofunika chotani. Pa zolakwika zimenezo musaiwale zitatu: buleki yomira, tayala long'aluka, ndi chiwongolero chosewera.

Boma liyeza galimoto yanu kamodzi pa chaka, ndipo lichita bwino. Koma amene adzayankha pamaso pa anansi ndi pamaso pa Mulungu chifukwa cha moyo wa okweramo ndi wa oyenda m'mbali mwa njira ndinu eni ake. Lembani tsiku limene fitinesi yanu idzatha pa tsamba loyamba la kabuku ka m'galimoto, ndipo Loweruka likudzali, musanapite kulikonse, tsegulani boneti muyambe kuyeza.